Kuchoka ku Ludzi kupita ku Lilongwe kapena ku Chipata: mlendo adziteteze bwanji?

Ludzi ndi malo a mishoni. Pali tchalitchi cha Katolika, chipatala ndi sukulu ya sekondale ya atsikana yomwe mbiri yake inafika kutali, ndipo mbali zonse kwazungulira minda ya mtedza, soya, chimanga ndi fodya. Anthu amadziwana. Wachilendo akatsika pa kabaza m'mawa, pofika madzulo aliyense amakhala atadziwa kuti wafikira kwa yani. Koma munthu wa ku Ludzi akangotulukira pamsewu wa tala wa M12 amakhala waima pakati pa mizinda iwiri. Kum'mawa kuli Lilongwe, likulu la dziko lino kuyambira mu 1975, komwe kalembera wa mu 2018 anapeza anthu pafupifupi 1 miliyoni. Kumadzulo, kudutsa pa boma la Mchinji ndi pa boda ya Mwami, kuli Chipata, likulu la chigawo cha kum'mawa kwa Zambia. Msewu womwewu ndi umene amadzera alendo akunja otsikira pa bwalo la ndege la Kamuzu akamapita kukaona nyama ku South Luangwa. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza onse oyenda mumsewu umenewu.

Kodi mlendo amene mbava zimamufuna ndi uti, mzungu wa kamera kapena munthu wa kumudzi?

Onse awiri, koma amene amabereredwa kawirikawiri ndi wa kumudziyo. Mzungu nthawi zambiri amakhala m'galimoto ya kampani yoyendetsa alendo, amagona malo a alonda, ndipo ndalama zake zimakhala pa khadi. Mayi wochokera ku Ludzi amene wapita kukapikula kaunjika, bambo amene watsatira mabelo ake a fodya ku okushoni ku Kanengo, mtsikana wa sekondale amene akusintha basi potsekera sukulu, kapena wodikirira wodwala amene watumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, onsewa amatsikira pa depoti, ali ndi ndalama m'thupi, njira sakuidziwa bwino.

Wakuba sayang'ana khungu, amayang'ana kayendedwe. Munthu woima pakati pa njira n'kumatembenuka uku ndi uku, wogwiragwira thumba lomwe muli ndalama kuti aone ngati zikadalimo, woyankha foni mokweza kuti "ndafika koma sindikudziwa kolowera", ameneyo wadziulula yekha. Ndipo kuba kwambiri sikuchitikira paliponse. Kumachitikira posinthira: potsika basi, powerenga chenji, pofunsa njira, posintha ndalama. Mlendo amene wakonzeratu za mphindi zimenezi asanachoke pakhomo wachotsa gawo lalikulu la vuto.

Ku Lilongwe, malo ofunika kuchenjera kwambiri ndi ati?

Ulendo wochokera ku Mchinji, womwe ndi wa makilomita pafupifupi 110, umathera ku Old Town, ndipo kumeneko ndi kumene kuli piringupiringu. Depoti ya mabasi ku Area 2, msewu wa Malangalanga, msika waukulu, mlatho wa pamtsinje wa Lilongwe, misika ya Tsoka ndi Lizulu pamodzi ndi timilatho tamitengo tolipiritsa toolokera tsidya lina, malo onsewa anthu amayenda mokhudzana mapewa. Opisa m'matumba amagwira ntchito awiri kapena atatu. Wina amaima mwadzidzidzi kutsogolo ngati wagwetsa kanthu, wina amagunda kumbuyo, ndipo foni ikatuluka m'thumba imadutsa m'manja angapo mwini wake asanatembenuke. Chikwama cha kumsana amachicheka ndi lezala pansi, mwini wake n'kumamva kupepuka atafika kale patali. N'chifukwa chake amayi ozolowera msika amachinyamulira kutsogolo, pamimba.

Pakhomo la minibasi ndi pena. Anthu akamalimbirana kukwera, makamaka madzulo poweruka, maso onse amakhala pampando, manja onse ali pa chitseko. Wokhala pawindo naye asamasewere ndi foni galimoto itaima pamzere, chifukwa dzanja limalowa kuchokera kunja n'kutsomphola.

Malo aphee nawonso ali ndi zawo. Msewu wa Kenyatta, wolumikiza Old Town ndi City Centre kudutsa m'mbali mwa nkhalango yosungirako nyama, ndi wokongola kuyendamo, koma alendo oyenda pansi okha akhala akulandidwa katundu m'menemo, ndipo maofesi a akazembe amachenjeza anthu awo za msewuwu. Ndi bwino kukwera. Devil Street, kufupi ndi depoti, usiku si malo a munthu amene ali ndi ndalama za fodya m'thumba. Ambiri amene analowako kuti akangomwa limodzi anabwerera kumudzi ndi ndalama yobwereka.

Nanga akathyali, omwe salanda koma amachita kupatsidwa, amayamba bwanji?

Amayamba ndi ulemu. "Amayi, mwagwetsa ndalama." Mayiyo akayang'ana pansi amaona mpukutu womangidwa ndi mphira, pamwamba pali K5,000. Wotola uja amanong'ona kuti apite poduka mphepo akagawane. Asanagawane pamatulukira mwini ndalama, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti aliyense atulutse zomwe ali nazo kuti azindikire zake. Mayi uja, pofuna kudziyeretsa, amamasula pansonga ya chitenje. Zikabwezedwa zimakhala zitakulungidwa bwino m'pepala, ndipo akakamasula m'basi amapeza nyuzipepala yodulidwa bwinobwino. Njira imeneyi ndi yakale kwambiri, koma ikugwirabe anthu chifukwa imadzera mbali ziwiri nthawi imodzi: kadyera pang'ono, ndi manyazi a munthu woleredwa bwino amene safuna kutchedwa wakuba.

Palinso wogulitsa foni yamakono pamtengo wozizira. Amaionetsa ikuyaka, amaibweza m'thumba ati apolisi akubwera, kenaka amapereka bokosi mwachangu. M'katimo muli sopo kapena chidutswa cha galasi. Pali wonenera amene amakumana ndi munthu pamsewu n'kumuuza kuti akuona mdima pa banja lake, abweretse ndalama ndi foni azipempherere. Pali a juga ya timakadi titatu kapena tizitsekerero ta mabotolo, pomwe onse amene akuoneka kuti akupambana ndi a gulu lomwelo. Alendo akunja amawabweretsera miyala ya mtengo wapatali ndi golide wabodza.

Onsewa amafanana pa zinthu ziwiri: amafulumizitsa munthu, ndipo amamuchotsa pagulu. Wina akanena kuti "tiyeni uko" kapena "pangani changu", mlendo akane ndipo apitirize ulendo wake. Safunsa anadya phula, n'zoona, koma ofunsa asankhe womufunsa: wa muokala, mlonda wa pa banki, wapolisi wa yunifolomu, kapena mayi wokhala pa benchi lake la tomato, amene mawa adzapezekanso pomwepo. Amene wadzipereka yekha kuti aperekeze munthu asanapemphedwe ndiye wokayikitsa.

Ndalama azinyamula bwanji, poti pa foni naponso akuba alipo?

Chiyambire kugwa kwa Kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochepa amafuna mtolo wa ndalama. Wopita kukagula feteleza kapena malata atanyamula zonse m'manja amachita kuonekera. Airtel Money, TNM Mpamba ndi akaunti ya ku banki zinachepetsa vutoli, ndipo mlendo wanzeru amaika ndalama zambiri m'menemo, n'kukatapa pafupi ndi pomwe akugula. M'thumba lapafupi muzikhala za thiransipoti ndi chakudya zokha, zosinthasintha, kuti asatulutse mtolo wonse pogula nthochi. Zotsalazo azigawe pawiri, zina m'kathumba ka m'kati mwa zovala.

Pa ejenti, nambala yachinsinsi alembe yekha, foni ili m'manja mwake. Asapereke foni kuti "mundichitire", ndipo asatchule nambalayo mokweza. Chaka chobadwa sichiyenera kukhala nambala yachinsinsi, popeza chimaoneka pa chiphaso cha unzika chomwe nthawi zambiri chimabedwa limodzi ndi foni.

Mauthenga onama ndiye afala. Wina umati ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ndipo umafika munthu akuyembekezeradi kutumiza ndalama kwa m'bale wake. Wina amaimba n'kunena kuti watumiza ndalama molakwitsa, mumubwezere, chonsecho uthenga wosonyeza kuti ndalama zalowa walemba yekha. Makolo a ana a sukulu zogonera konko, ngati ya Ludzi, ndiwo amasakidwa kwambiri: foni imalira, munthu akudzitcha mphunzitsi, ati mwana wakomoka, tumizani ndalama msanga. Kholo lidule foniyo, liimbire mphunzitsi wamkulu kapena a matroni pa nambala imene linatenga lokha kusukulu. Apolisi akhala akunena poyera kuti mauthenga ambiri otere amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba, ndipo ngakhale bungwe la MACRA linakakamiza kulembetsa manambala onse mu 2018, akubawo amagwiritsa ntchito ziphaso za anthu ena. Kampani ya foni siimbira munthu kumufunsa nambala yake yachinsinsi.

Chinthu chimodzi chotenga mphindi imodzi: kuimba *#06# kumaonetsa nambala ya IMEI ya foniyo. Ilembedwe papepala losiya kunyumba, chifukwa apolisi amaifunsa foni ikabedwa.

Pa mayendedwe, akwere chiyani ndipo nthawi yanji?

Anyamuke m'mawa kuti akafike kukuwala ndi kubwerera kusanade. Wofika pa depoti usiku amakhala m'manja mwa aliyense womupeza. Ngati kwamudera, kuli bwino kulipira chipinda pamalo ogona alendo odziwika kusiyana ndi kuyamba kufunafuna nyumba ya m'bale ku Area 36 kapena ku Mtandire mumdima.

Boma linaletsa kuitanira mu 2006, koma oitanira akadalipo, ndipo amathamangira katundu munthu asanatsike n'komwe. Chikwama asachisiye m'manja mwa wina aliyense. Mtengo agwirizane asanakwere, ndalama apereke kwa kondakitala galimoto itanyamuka, ndipo katundu wokhala kumbuyo amuyang'ane pa siteji iliyonse, pa Namitete, pa Kamwendo ndi pena paliponse pomwe buti yatsegulidwa. Magalimoto a Sienta amathamanga ndipo amapakira mopyola. Mlendo ali ndi ufulu wotsika ngati dalaivala akununkha mowa. Galimoto yopanda chizindikiro imene yaima yokha usiku, muli amuna okhaokha, asakwere ngakhale mtengo utsike bwanji.

Kabaza atengere pa siteji, pomwe anzake akumuona ndipo akumudziwa dzina. Wa njinga yamoto akhale ndi chipewa choteteza mutu cha wokwera. Akabaza nawonso amaphedwa ndi achifwamba ofuna njinga, choncho wa kabaza akakana kupita malo ena usiku, sikuti ndi mwano. Akudziwa zomwe mlendoyo sakudziwa.

Za chakudya cha m'basi n'zovuta kuzinena kwa Amalawi, chifukwa kukana chakudya ndi mwano ndipo kudya wekha mnzako akuyang'ana ndi umbombo. Koma anthu akhala akuberedwa atagonekedwa ndi mankhwala othiridwa mu chakumwa kapena mabisiketi. "Zikomo, ndadya kale" ndi yankho lokwanira.

Pa boda ya Mwami pamavuta chiyani?

Kuchoka pa boma la Mchinji kufika pa boda ndi makilomita pafupifupi 12. Kuyambira mu Disembala 2022, pomwe atsogoleri a mayiko awiriwa pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, anatsegulira nyumba zatsopano za pamalirepo, wapaulendo amaima malo amodzi, maofesala a mayiko onse awiri n'kumuthandizira pomwepo. Izi zinachepetsa kuyendayenda komwe madobadoba ankapezerapo mpata, koma sanathe. Amabwera ndi mawu okoma, ati mzere ndi wautali, bweretsani pasipoti tikudindireni. Pasipoti kapena chiphaso chodutsira pa boda chiperekedwe pawindo, kwa ofesala, ndipo mwini wake aone chidindo ndi tsiku lolembedwapo asanachoke. Ndalama iliyonse yolipira kwa a zolowa ndi zotuluka kapena kwa a misonkho a MRA ikhale ndi lisiti. Wopereka ya fanta wapalamula mlandu pamodzi ndi wolandirayo.

Osintha ndalama a pamsewu ndiwo amaliza anthu ambiri. Mayiko onse awiri ndalama yawo ndi Kwacha, koma mphamvu zake n'zotalikirana kwambiri, makamaka chichotsereni Zambia maziro atatu pa ndalama yake mu Januwale 2013. Mlendo amene sanawerengeretu amasokonezeka, ndipo kakyuleta ili m'manja mwa wosinthayo. Kawerengedwe kakenso kali ndi luso lake. Amawerenga pamaso pa munthu, ndalama n'kupezeka kuti zaperewera pang'ono. Mlendo akadandaula, wosinthayo amazitenganso, amawonjezera yoperewerayo mooneka bwino, koma pobweza zala zake zapinda kale zingapo zapansi. Mlendo, pokhutira kuti wagwira chinyengo, sawerenganso. Ena amasakaniza ndalama zachinyengo kapena zakale zomwe zinasiya kugwira ntchito.

Kusintha ndalama pamsewu n'kosaloledwa ndi malamulo, ndiye woberedwa amachita mantha kukadandaula ku polisi. Akubawo amadziwa zimenezi. Banki kapena malo ovomerezeka osinthira ndalama mtengo wake umaoneka wotsika, koma munthu amatuluka ndi ndalama zenizeni ndi lisiti.

Njira zachidule zodutsa m'minda zilipo zambiri, poti malire a kuno anadula pakati pa abale, Achewa ndi Angoni a mbali zonse. Koma wodutsa ndi katundu m'njira zotere akakumana ndi achifwamba alibe kolirira, ndipo akagwidwa tsidya linalo amakhala wolowa m'dziko popanda chilolezo.

Bwanji za anthu olonjeza ntchito ku Zambia, ku Joni kapena kutali?

Iyi ndi ngozi yoposa kubedwa kwa foni, ndipo Mchinji imaidziwa bwino. Kwa zaka zambiri ana ndi achinyamata akhala akutengedwa m'midzi kupita kukagwira ntchito m'minda ya fodya ndi kukaweta ng'ombe tsidya linalo, malipiro ake osaoneka. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la mu 2015 limapereka chilango chofika zaka 14 kwa wozembetsa munthu wamkulu, zaka 21 ngati ndi mwana, ndipo nthawi zina moyo wonse m'ndende. Kumene maulendo ozemba amathera kunaoneka mu Okutobala 2022, pomwe mitembo pafupifupi 30 ya anthu oganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba.

Zizindikiro zake n'zodziwika. Wolemba ntchitoyo amalipira yekha thiransipoti, amasunga pasipoti ya munthu, satchula dzina la bwana kapena malo enieni, ndipo amati makolo asauzidwe mpaka zitatheka. Woona mwana ali ndi munthu wokayikitsa m'basi ya ku boda aimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena auze apolisi a pa rodibuloko.

Zikachitika, munthu atani?

Ngati achifwamba ali ndi mpeni, chikwanje kapena mfuti, apereke. Foni imagulidwa ina. Akachoka, apite pomwe pali anthu ndi kuwala, abwereke foni n'kuimba 997, nambala ya apolisi kuno. Ku Zambia ndi 991. Kenaka atseketse nambala yake ku kampani ya foni ndi khadi ku banki, chifukwa wakuba wa masiku ano amathamangira ndalama za mufoni asanaganize zogulitsa foniyo. Apa m'pamene kapepala kolembapo manambala awiri kapena atatu a abale, kosungidwa padera, kamapulumutsa munthu. Ambiri saloweza nambala ngakhale ya mkazi wawo.

Akanene ku polisi yapafupi, ngakhale akuona ngati katunduyo sapezeka. Ku Old Town polisi yaikulu ili ku Area 3. Lipoti la apolisi ndi limene limafunika potenga chiphaso china cha unzika ku NRB, pasipoti ina, kapena chikalata choyendera ku ofesi ya kazembe. Wovulazidwa apite kuchipatala ndi kalata ya apolisi. Wogwiriridwa afike kuchipatala asanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo pa polisi afunse ofesi ya Victim Support Unit. Nambala ya 5600 ndi yaulere kwa ochitiridwa nkhanza.

Kukuwa kuti "wakuba!" pamsika kuli ndi zotsatira zake. Gulu likagwira munthu silifunsa, ndipo anthu aphedwa ndi kutenthedwa chifukwa cha foni imodzi, ena osalakwa n'komwe. Woloza chala akhale wotsimikiza, ndipo wogwidwayo aperekedwe kwa apolisi kapena a chitetezo cha pamsika. Kupha wakuba ndi mlandu wakupha.

Nanga ngati wovutitsayo ndi wapolisi?

Funsoli ndi loyenera, ndipo anthu a m'mbali mwa M12 ali ndi chifukwa cholifunsira. Mu Okutobala 2019, wapolisi wina, a Usumani Imedi, ataphedwa ndi gulu la anthu pa Msundwe, apolisi analowa m'madera a Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo amayi ndi atsikana anachitidwa nkhanza zogwiriridwa. Mu Ogasiti 2020 khoti lalikulu linagamula kuti 18 mwa iwo apepesedwe ndi ndalama. Chilonda chimenecho sichinapole, koma chigamulocho chinaonetsa kuti yunifolomu siika munthu pamwamba pa lamulo.

Mlendo adziwe zinthu zochepa izi. Womangidwa ayenera kuuzidwa chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva, ndipo gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati afikitsidwe kukhoti asanathe maola 48. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Chindapusa cha pamsewu chimayenda ndi lisiti la boma. Wovala wamba amene akudzitcha wapolisi aonetse chiphaso, ndipo ngati akufuna kusecha chikwama, mlendo apemphe mwaulemu kuti, "Bwana, tiyeni tikachitire ku ofesi." Wapolisi weniweni savutika nazo, wabodza amasowa.

Kungopezeka panja usiku si mlandu. A Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre, anamangidwa mu 2015 akupita ku malonda awo mbandakucha, pa mlandu wa vakabu. Anakasuma, ndipo mu Januwale 2017 khoti lalikulu linathetsa gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, lomwe apolisi ankasesera nalo anthu osauka. Izi n'zothandiza kwa aliyense wolawirira basi ya m'mamawa. Madandaulo okhudza apolisi amapita ku Independent Complaints Commission, ndipo a ziphuphu ku bungwe la ACB.

Pa misonkhano, mpira ndi miyambo ikuluikulu pali chiyani choopsa?

Anthu a ku Mchinji amakhamukira ku miyambo ya ku Zambia: ku Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, kwa Inkosi ya Makosi Mpezeni, ndi ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumapeto kwa Ogasiti, kwa Kalonga Gawa Undi. Opisa m'matumba nawonso amakwera mabasi omwewo. Koma choopsa chachikulu pagulu ndi kupondana. Pa 6 Julayi 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pa chipata cha bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe polimbirana kulowa. Wopita ndi ana asaime kutsogolo kwa geti lotseka, agwirizane ndi anzake pokumana akasowana, ndipo mwana aliyense akhale ndi kapepala ka nambala ya kholo m'thumba.

Tsiku la zionetsero si tsiku lopita kutauni. Mu 2019 msewu wa M12 unkatsekedwa kawirikawiri pa Msundwe, magalimoto n'kumagendedwa. Wailesi ya Mudzi Wathu ya ku Mchinji, madalaivala a pa siteji ndi abale a ku Lilongwe amadziwa za mawa. Mlendo afunse usiku, asananyamuke.

Nanga mlendo wobwera ku Ludzi, wochokera mumzinda kapena kunja, asamale chiyani?

Kumudzi kuba kwa m'matumba n'kochepa. Choopsa ndi kusadziwika. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kummwera, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Mu 2020 mphekesera zonga zomwezo zinabukanso m'zigawo za pakati ndi kumpoto, nthawi yomwe ku Zambia anthu ankaphana poganizirana kuti akupopera mpweya wa poizoni m'nyumba. Ophedwa ambiri anali alendo chabe, anthu odutsa, ena odwala misala. Munthu wofika ndi galimoto yachilendo, zipangizo zoyezera kapena chikwama cha mankhwala ayambe waonekera kwa amfumu, ku parishi kapena ku polisi, ndipo aziyenda ndi munthu wa pamalopo. Eni mudzi nawo akumbukire kuti mwana wawo akapita ku Lilongwe kapena ku Lusaka amakhala wachilendo chimodzimodzi.

Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamuzindikira mu 2005, si chionetsero cha pamsewu. Mlendo akakumana ndi gule apatuke, asajambule popanda chilolezo, ndipo asayandikire kumanda kapena ku dambwe. Wina akamutsatsa chamba adziwe kuti lamulo la mu 2020 linaloleza chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale chokha, kwa okhala ndi chilolezo, chosuta n'choletsedwabe. Minyanga ya njovu, zikopa ndi mamba a ngaka zimatha kumangitsa munthu zaka zofika 30 kutsatira lamulo lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo mu 2021 Yunhua Lin, nzika ya China, analamulidwa kukhala m'ndende zaka 14 pa milandu yokhudza nyanga za chipembere.

Si mlendo aliyense amene amabwera ndi zabwino. Lu Ke, yemwe ana a ku Njewa ku Lilongwe ankamutchula kuti Susu, ankajambula ana akunena mawu odzinyoza m'chilankhulo chomwe sankachimva, n'kumagulitsa makanemawo. BBC itaulula nkhaniyi mu Juni 2022 anathawira ku Zambia, koma anagwidwa ku Chipata, anabwezedwa kuno, ndipo mu 2023 khoti linamupeza wolakwa. Kholo kapena mphunzitsi ali ndi ufulu wonse wofunsa mlendo wojambula ana kuti zithunzizo akupita nazo kuti, ndi kumukaniza.

Ndani angathandize kuti anthu adziwe izi asananyamuke?

Apolisi okha sangafike paliponse, ndipo wopita kutauni koyamba sawerenga machenjezo a akazembe. Amene amamufikira ndi a m'mphakati, a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, a kalabu ya alimi ndi aphunzitsi. Nyengo zake n'zodziwika: potsegulira msika wa fodya cha mu Epulo, pogulitsa soya ndi mtedza, potsekera ndi potsegulira sukulu, ndi masabata a Nc'wala ndi Kulamba. Abambo mfumu ndi atsogoleri a mipingo ina ya ku Ludzi apatule mphindi zisanu pa zolengeza za Lamulungu m'nyengo zimenezi. Akuluakulu a sukulu apatse kholo lililonse nambala imodzi yodalirika yoimbapo, ndipo atsikana asanakwere basi yopita kwawo alembetsedwe m'kope manambala atatu awa: 997, 116 ndi 5600.